Ubuntu Ndi Yaulere, Nkhuku Ndiye Yogula

Pa 14 Okutobala 2025, mitengo ya jakaranda itachita maluwa m'misewu ya Pretoria, kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10. Makompyuta ambiri akale sangalandire Windows 11 chifukwa alibe kachipangizo kotchedwa TPM 2.0, choncho eni ake anauzidwa mwaulemu kuti akagule atsopano. Uthengawu unafikanso pa fulati ina ku Sunnyside, kwa bambo wina wa ku Ntcheu amene ndi mlembi wa bungwe la maliro la Amalawi a m'deralo. Laputopu yawo ndi yogula kwa munthu, batire inafa kalekale, koma m'menemo ndi mmene munali kaundula wa onse osonkha ndalama zonyamulira maliro kupita kumudzi.

Loweruka kunabwera mphwawo, wophunzira ku Tshwane University of Technology, fulashi ili m'thumba.

"Malume, musataye ndalama. Ndikuikirani Ubuntu, ndi yaulere."

Mawu akuti yaulere Mmalawi wa ku Joni safuna kuwamva kawiri. Ndipo mnyamatayo sananame. Ubuntu ndi mtundu wa Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta imene Linus Torvalds anayamba ku Finland mu 1991, ndipo aliyense ali ndi ufulu woikopera, kuisintha ndi kuigawa. Anayambitsa Ubuntu ndi Mark Shuttleworth, mwana wa ku Welkom, yemwe anagulitsa kampani yake ya Thawte mu 1999, nakwera chombo cha ku Russia kupita mumlengalenga mu 2002, n'kutulutsa Ubuntu yoyamba mu Okutobala 2004. Amalume anasunga mfundo imodzi yokha pa zonsezi, ndipo pofika madzulo pansanjika ponse panali patamveka kuti iwo akugwiritsa ntchito makina a munthu amene anapita kumwezi. Shuttleworth analekezera pa International Space Station, koma ndani angawongole mlembi wa bungwe pakhomo pake?

Mnyamata anaika pulogalamuyo, anadya nsima, anapempha ya takisi, n'kumapita.

Lamulungu atachoka ku tchalitchi, amalume anapeza kuti Wi-Fi kulibe. Osati yofooka ayi, kulibiretu. Vutoli ndi lakale pakati pa anthu a Linux: malaputopu ena ali ndi kachipangizo ka Wi-Fi ka Broadcom, kamene kamafuna kapulogalamu kakekake kotchedwa driver, ndipo nthawi zambiri sikalowa kokha poika Ubuntu. Uyenera kukatenga pa intaneti. Ndiye kuti, kuti upeze intaneti uyambe wapeza intaneti. Apa n'kuti foni ya mphwawo itagwidwa matenda odziwika aja: uthenga ukuwerengedwa, yankho osabwera.

Tsono ku Sunnyside kuli mwambo umene sulembedwa paliponse. Mwamuna akaitanidwa kudzaona chinthu chowonongeka, sanena kuti sindikudziwa. Amakhala pampando, amapukuta magalasi, amafunsa ngati alamu aphika.

Oyamba kufika anali alamu awo a bambowo, mlonda ku Menlyn. Anainyamula laputopuyo, anainunkhiza kunsi, n'kugamula kuti ndi Eskom, ngakhale kuti tsikulo magetsi sanathime. Achiwiri, a ku Area 25 amene amakonza mafoni pawindo la chipinda chawo, anati ndi vairasi, ndipo anafunafuna Control Panel kwa ola lathunthu m'nyumba imene mulibe chipinda chotero. Mayi a pakhomopo anatulutsa nkhuku mu fuliji osanena kanthu, koma chitseko cha fulijicho anachitseka mwamphamvu ndithu.

A ku Area 25 aja atakhuta anapeza pa foni yawo malangizo oti atsegule Terminal, kawindo kakuda kolembamo malamulo, alembe mawu oyamba ndi sudo. Kompyuta inapempha pasiwedi. Amalume analemba, pa sikirini sipanaoneke kanthu. Analembanso ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono, ngakhale kadontho osaoneka. Bwalo lonse linagwirizana kuti kiyibodi yafa, ndipo mwana anatumidwa ku mashopu a mumsewu wa Robert Sobukwe, umene aliyense amautchabe Esselen, kukagula ina yolumikiza ndi chingwe. Nayonso inakhala chete. Zoona zake n'zakuti Terminal inkalandira pasiwedi koma sinkaionetsa dala, kuti woima kumbuyo kwako asawerenge ngakhale kuchuluka kwa zilembo. Poona amuna amene anali atazungulira mpando wa amalume, khosi lili tololo, opanga Linux ankadziwa chimene ankachita.

Alamu, posafuna kugonja, anati ngakhale boma la konkuno linayesa zimenezi. Apa mwangozi analasa. Mu 2007 nduna za boma la South Africa zinavomereza ndondomeko yoti maofesi aboma azitsamira pa mapulogalamu aufulu ngati amenewa, ndipo SITA, bungwe loona za makompyuta aboma, likulu lake lili ku Erasmuskloof, mumzinda womwewu. Koma mu Januwale 2021, Adobe Flash itathetsedwa, bungwe la misonkho la SARS linatulutsa burawuza yakeyake yodzazira mafomu ena, yoyenda pa Windows. Ngati aboma a ku Union Buildings akuyendabe mwendo umodzi kuno wina uko, amalume asanyozedwe.

Tsoka lenileni linadza pamene anafuna kaundula n'kupeza kuti palibe. Mphwawo anali atasankha kufufuta zonse za mu diski poika Ubuntu. Nkhani inalowa pa gulu la WhatsApp la bungwe, ndipo panachitika chozizwitsa. Anthu amene sanaonekepo pamsonkhano chichokereni Pasaka anakumbukira bwinobwino kuti analipira. Wina anakumbukira ndi malaya amene amlembi anavala tsiku lolandira ndalamayo. Amayi ena a ku Mamelodi anati analipiriratu mpaka chaka chamawa. Msungichuma atawonkhetsa zonse zimene anthu anati anapereka, anapeza kuti bungwe likanatha kugula galimoto yakeyake yonyamulira maliro, pamene ku banki kunali ndalama zosafikitsa bokosi ku Beitbridge.

Mnyamata uja anatulukira kumapeto kwa mwezi, nthawi imene ophunzira amakumbukira abale. Analumikiza foni yake ku laputopu ndi chingwe cha chaja, anayatsa USB tethering kuti kompyuta ibwereke intaneti ya foniyo, anatsegula Additional Drivers, anasankha ya Broadcom, n'kuyambitsanso makinawo. Tiyi asanazizire, Wi-Fi ya nyumba zonse zoyandikana inali ndandanda pa sikirini.

"Nanga kaundula, iwe mphwanga?"

"Ndinakopera pa fulashi ndisanayambe, malume. Simunandifunse."

Anamutsegula mu LibreOffice Calc, ndipo mayina onse anali momwemo, ngongole iliyonse pamzere wake.

Msonkhano wa Lamulungu lotsatira unadzaza kuposa masiku onse. Amene anakumbukira malaya uja anaimirira n'kunena kuti makina aulere sangadaliridwe pa nkhani ya ndalama, pakuti ndani akudziwa manambala amene Ubuntu yasintha usiku? Ambiri anaomba m'manja. Anagwirizana kuti agule buku lachikuto cholimba ku Marabastad, ndipo ndalama yogulira bukulo asonkhe mwezi wamawa. Alamu, potsanzika, ananyamula kiyibodi yatsopano ija, akuti poti palibe akuigwiritsa ntchito ndipo malangizo awo sanalipiridwe.