Kali Kokha N'kanyama, Koma Funsani Operekeza a Dokotala

Akuluakulu anati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Mwambiwu timaukonda kwambiri, makamaka tikamafuna kuti wina atiperekeze. Woperekezayo sautchula kawirikawiri. Iye amakhala atatanganidwa ndi kunyamula chikwama ndi kufunsa kuti kodi tifika liti. Tsono tiyeni tiuyese mwambiwu pa mkulu wina amene wakhala akuperekezedwa kwa zaka zoposa 60, mu sewero la pa kanema la BBC ku Britain lotchedwa Doctor Who, lomwe linayamba kuonetsedwa pa 23 Novembala 1963, patangopita tsiku limodzi John F. Kennedy ataphedwa.

Kwa inu amene simunaonerepo, Dokotala ameneyu si wa kuchipatala, jakisoni sabaya. Ndipotu si munthu n'komwe. Kwawo ndi ku Gallifrey, kutali mlengalenga, ali ndi mitima iwiri, ndipo imfa ikayandikira amangosintha thupi n'kudzuka ndi nkhope ina. Nzeru imeneyi a BBC anaipeza mu 1966, William Hartnell, amene ankasewera Dokotala, atayamba kudwaladwala, kuti sewero lisafe limodzi ndi thanzi la mwini wake. Chombo chake, TARDIS, kunja ndi kanyumba kabuluu ka foni ya apolisi akale a ku Britain, koma mkati mwake muli zipinda zosawerengeka, ndipo chimafika kulikonse, kaya zaka 2,000 zapitazo kaya mawa la zidzukulu zathu. Wotereyu angasowenji? Komatu sayenda yekha.

Oyamba kuyenda naye anali mdzukulu wake Susan ndi aphunzitsi awiri a pasukulu ya Coal Hill ku London: Ian Chesterton wa sayansi ndi Barbara Wright wa mbiri yakale. Awiriwa ankadabwa ndi mtsikana wodziwa sayansi kuposa mphunzitsi wake koma wosadziwa kuti mu paundi muli mashiling'i angati. Madzulo ena anamutsatira mpaka pamalo osungirapo zinthu zakutha, pa 76 Totter's Lane, nalowa m'kanyumba kaja. Agogo ake a Susan, poopa kuti aphunzitsiwa akaulula, anangotseka chitseko n'kunyamuka nawo. Tisazungulire, kumeneku n'kuba anthu.

Anakatera m'nthawi ya anthu okhala m'mapanga. Pothawa kumeneko anapeza mmodzi wa owathamangitsa atavulazidwa ndi chilombo. Barbara anaumirira kuti amuthandize. Dokotala, poona kuti wovulalayo akuwachedwetsa, anatola mwala mwakachetechete. Ian anamugwira dzanja. Mkuluyo anadzikanira, ati ankangofuna kuti wovulalayo awajambulire njira yobwerera kuchombo. Eya, ndi mwala wa msinkhu umenewo, pafupi ndi mutu wa munthu ali thapsa pansi. Mitima inalipo iwiri, koma tsiku limenelo yonse inali isanayambe ntchito. Sewero lisanathe ndi mwezi womwe, mwambi wa makolo unali utapambana kale mlandu.

Olemba seweroli ali ndi chifukwa chawo chosavuta. Pamafunika wina wofunsa kuti "Kodi chimenechi n'chiyani?" kuti Dokotala afotokoze, ifenso timve. Tom Baker, Dokotala wa mpango wautali uja, ankaona kuti angathe yekha. Mu 1976 anamulola nkhani imodzi, The Deadly Assassin, wopanda womuperekeza, ndipo zinaoneka kuti wanzeru wopanda womufunsa amayamba kuyankhula yekha ngati zamusokonekera. Baker ananenapo kuti bola angomupatsa kabichi woyankhula, womakhala paphewa pake. A BBC anamupatsa Leela, mtsikana wankhondo woyenda ndi mpeni m'chiuno. Kabichi akanakhala wosavuta.

Koma ntchito yeniyeni ya woperekeza ndi ija ya Ian, yogwira dzanja. Amene anaigwira bwino kuposa onse, kwa ine, ndi Donna Noble wa ku Chiswick, mayi wa pakamwa posachedwa, wogwira maganyu a ulembi m'maofesi. Anatulukira m'chombo pa Khirisimasi ya 2006 atavala diresi la ukwati, ndipo mmalo mogoma ndi zodabwitsa anayamba kulalata kuti amubweze kutchalitchi. Tsiku lomwelo Dokotala anatsegulira madzi a mtsinje wa Thames m'dzenje momwe munali ana a mdani wake, naimirira pomwepo kuonerera akumira, nkhope ili gwa. Donna ndiye anamukuwira kuti basi, zakwana. Mu 2008 olemba anationetsa zomwe zikanachitika Donna pakanapanda: Dokotala akanamira pomwepo, atatengeka ndi ukali wake. Chaka chomwecho ali ku Pompeii mu 79, phiri la Vesuvius likulavula moto, Dokotala anati mbiri singasinthidwe, tiyeni tizipita. Donna analira, nachonderera kuti apulumutseko ngakhale banja limodzi lokha. Anabwerera n'kulitenga.

Ndiye muone zimene anachita atatsala yekha. Mu The Waters of Mars, mu 2009, anafika pa Mars m'chaka cha 2059 wopanda womuletsa. Anadziuza kuti poti anzake onse a ku Gallifrey anatha, malamulo a nthawi tsopano ndi ake, azimvera iye. Anapulumutsa mtsogoleri wa malowo, Adelaide Brooke, amene mbiri inati adzafera komweko, kenako n'kuyamba kudzitama ngati kamulungu. Mayiyo anamuyang'ana, naona chimene chinaima patsogolo pake, ndipo anakadzipha kuti mbiri ibwerere m'malo mwake. Kanyama kaja ndi kameneka, kovala suti ndi taye.

Apa m'pamene mwambi umatikola ife a masiku ano, chifukwa timauwerenga ngati masamu: ukakhala ndi wina pambali, basi ndiwe munthu. Ndiye mumaona bwana akutsika galimoto, wina wanyamula chikwama, wina mafoni, wina wathamangira kutsegula chitseko, wina ntchito yake n'kuseka nthabwala isanathe. Bwana akati mawa dzuwa lituluka kumadzulo, onse amati, "Zoona bwana, ifenso timaganiza choncho." Muwawerenge bwino anthu amenewa. Alipo asanu, koma bwanayo ali yekha, ndipo akadzatola mwala adzamuthandiza kusankha waukulu. Enafe tilibe onyamula zikwama koma tili ndi Facebook, yomwe imalola anzako 5,000. Ukalemba zopusa pakati pausiku, mazana amakuwombera m'manja, ndipo mmodzi yekha amene wakuuza kuti fufuta zimenezi ndi yemwe umamuchotsa. Wamuchotsa Donna wako, watsala ndi kabichi.

Mpaka apa makolo akuwina. Koma mwambiwu uli ndi mbali imene suitchula, ndiyo malipiro a wachiwiriyo. Kanyama kamasanduka munthu, chabwino. Nanga amene wakasandutsayo amapita ndi chiyani kwawo?

Tiyambe ndi kusunga nthawi. Mungaganize kuti mwini chombo choyenda m'nthawi sangachedwe. Ian ndi Barbara anachoka mu 1963 n'kukafika kwawo mu 1965, ndipo anachita kukwera chombo cha adani, ma Dalek, chifukwa chombo cha Dokotala chinkangophonya. Kaya anakawauza chiyani ahedi. Tegan Jovanka wa ku Australia analowa m'chombo mu 1981 ali pa ulendo wa ku Heathrow kukayamba ntchito ya mundege tsiku loyamba. Anafika pabwalolo m'nkhani ya mu 1982, ndipo atangotsika pang'ono Dokotala ananyamuka n'kumusiya. Rose Tyler, wogulitsa m'sitolo amene anatsegula seweroli litabwerera mu 2005 (linali litaima mu 1989), anauzidwa kuti wachoka maola 12 okha. Inali miyezi 12. Anapeza zithunzi zake zitamatidwa m'makoma ngati wosowa, chibwenzi chake Mickey apolisi akumukayikira kuti anamupha, ndipo mayi ake, a Jackie, anamulandira Dokotala ndi mbama. Pa mbama zonse za pa kanema, imeneyi ndiyo ndimaivomereza ndi mtima wonse. Amy Pond anali kamtsikana ka zaka 7 pamene anauzidwa kuti adikire mphindi zisanu. Anakhala pa sutikesi yake panja usiku. Dokotala anabwera patatha zaka 12, mwana atakula, atapita kale kwa madokotala a zamaganizo anayi, onse atawaluma chifukwa ankamuuza kuti mnzakeyo ngongopeka. Aliyense amene anamvapo mawu akuti "ndiperekezeni pompa, sitichedwa" akudziwa m'mene Amy anamvera.

Kusiyana kwakenso n'kwachilendo. Sarah Jane Smith, mtolankhani amene anayenda naye kuyambira 1973 mpaka 1976, anatsitsidwa pamsewu atauzidwa kuti pano ndi kwanu ku Croydon, kumwera kwa London. Patatha zaka 30 anakumananso, ndipo m'pamene anamuuza kuti paja munandisiya ku Aberdeen, kumpoto kwa Scotland. Koma nkhani imene imandiwawa ndi ya Susan, mdzukulu wake weniweni. Mu 1964, ali mu London wa m'tsogolo wophwasulidwa ndi nkhondo, agogo anaona kuti mtsikana wakondana ndi mnyamata wina, David Campbell. Nsapato ya Susan inali itabooka. Agogo anaitenga, ati akaikonze m'chombo. Atalowa anakhoma chitseko, nayankhula mawu okoma otsanzika kudzera pa chokuzira mawu, n'kuzimirira. Palibe ankhoswe, palibe kukambirana, palibe ngakhale kapoto koyambira banja. Mkwatibwi anapita ku ukwati ndi nsapato imodzi.

Amenewa ndi amwayi. Adric, mnyamata wa masamu, anafa mu 1982 m'chombo chimene chinagwera padziko, ndipo tsiku limenelo maina a kumapeto anadutsa popanda nyimbo. Jamie McCrimmon, woimba chitoliro wa ku Scotland wa mu 1746, ndi mnzake Zoe anabwezedwa kwawo mu 1969 atafufutidwa m'mutu pafupifupi zonse zimene anaona. Bill Potts, amene ankagawa tchipisi m'kantini ya payunivesite, anasandutsidwa munthu wachitsulo mu 2017. Donna yemwe uja, atapulumutsa chilengedwe chonse, Dokotala anamufufuta chikumbumtima akulira ndi kukana, ati pofuna kupulumutsa moyo wake, ndipo anadzakumbukira mu 2023. Malipiro palibe, alawansi palibe, penshoni musatchule n'komwe. Ngakhale K9, galu wamakina amene anabwera mu 1977, anagawidwa kwa anthu ngati katundu wotsala.

Wina afunsa kuti nanga amapitiranji. Amapita chifukwa dzulo unali kupinda malaya m'sitolo, lero ukuonerera tsiku lomaliza la dziko lapansi uli pawindo. Ambiri amabwerako atadziwa kuti ndi olimba kuposa m'mene ankadziyesera. Zimenezo sindikana. Ndikungoti pamalonda amenewa wina amagula umunthu, ndipo bilu imapita kwa mnzake.

Mwa onsewa ndimavulira chipewa awiri. Woyamba ndi Martha Jones, wophunzira udokotala weniweni, wa jakisoni. Mu 2007 anayenda chaka chathunthu kuzungulira dziko pofuna kupulumutsa Dokotala, abale ake ali akapolo a mdani, pamene mkuluyo maganizo ake anali akadali pa Rose. Zitatha, Martha sanadikire kukhomeredwa chitseko. Anatsanzika yekha, nasiya foni yake m'manja mwa Dokotala kuti ikadzalira ayankhe, ndipo abwere. Anatembenuza zinthu: woitana anakhala iyeyo. Wachiwiri ndi a Graham O'Brien, dalaivala wa basi wopuma ntchito amene anakwera chombo ku Sheffield mu 2018, pamene Jodie Whittaker ankasewera Dokotala. Bambo amenewa anazindikira msanga kuti Dokotala saima kuti anthu adye, choncho ankayenda ndi buledi wa tchizi m'thumba. Munthu woyendetsapo basi amadziwa kuti ulendo ndi mimba.

Ndi a Graham omwewo amene mu 2022 anasonkhanitsa operekeza akale m'chipinda china, mipando itazungulira, kuti azipepesana ndi kuuzana zimene wina aliyense sangakhulupirire. Pakati pawo panakhala Ian Chesterton, woyamba kugwira dzanja uja. William Russell, amene ankasewera Ian, anali ndi zaka 97, atabwerera mu seweroli patadutsa zaka 57. Taganizani, mnzanu wa paulendo akhale wotani kuti omuperekeza mpaka ayambitse bungwe? Ndipo phunziro likuoneka kuti lafalikira. Mu 2025, Ncuti Gatwa, wobadwira ku Rwanda, ali Dokotala, anapeza namwino Belinda Chandra, amene kuyambira tsiku loyamba pempho lake linali limodzi: ndibwezeni kwathu.

Tsono inu owerenga, kanyumba kabuluu kakadzatera pakhomo panu, mwini wake n'kuyamba kukutchulirani miyambi ya makolo, sindikuti mukane. Pitani, wafunika munthu womuletsa. Koma tsanzikani mayi anu, tengani kamba, nsapato musapereke kuti akakonze, ndipo ndalama ya basi yobwerera ikhale m'thumba mwanu, chifukwa kuchokera ku Aberdeen kukafika ku Croydon si pafupi.