Ulemu kwa a Muzu a ku Val di Sole

Mpikisano wa njinga zotsetsereka phiri ukatha, mamendulo amapita kwa anthu atatu, makampani opanga njinga amajambulitsa zithunzi, ndipo amene wagwira ntchito yaikulu tsiku lonse amatsala m'nkhalango ali gone, msana uli mikwingwirima yokhayokha. Ndikunena a Muzu. Lero ndavula chipewa, ndagwada ndipo ndikuwomba m'manja kuti ndiwathokoze, poti ndaona kuti palibe nduna ya zamasewera imene idzawakumbukire.

Kwawo kwa a Muzu amene ndikuwatamawa ndi kumpoto kwa Italy, m'chigawo cha Trentino, m'chigwa cha Val di Sole pakati pa mapiri a Alps, mmene mumayenda mtsinje wa Noce. Pamwamba pa mudzi wa Daolasa pali kanjira kotchedwa Black Snake, kutanthauza njoka yakuda. Kutalika kwake ndi makilomita 2 ndi pang'ono, koma pa kamtunda kameneko munthu amatsika mamita oposa 500. Akatswiri amakamaliza m'mphindi zosakwana 4. Ena onse amakamaliza nthawi imene a Muzu awalola.

Choyamba chimene ndimawagomera ndi kudzichepetsa. A Muzu sanafunsireko kutchuka. Anabadwira pansi pa nthaka, ntchito yawo inali kutungira madzi mtengo ndi kuugwiriziza kuti mphepo ingaugwetse. Mitengo ya spruce, abale ake a paini, imene yadzaza m'mapiri amenewa, mizu yake siipita pansi kwenikweni. Imayanga cham'mbali, kufupi ndi pamwamba, makamaka pamene dothi lili lochepa ndipo pansi pake pali thanthwe. Ndiye kunabwera anthu ndi matayala awo a mano, aliyense n'kumagwira buleki pamalo amodzimodzi, n'kumakokolola dothi pang'onopang'ono mpaka mkuluyu anatsala pambalambanda. Anthu ndiwo anawavula a Muzu. Lero anthu omwewo akuti a Muzu ndi amwano. Kodi mungamuvule gogo bulangete usiku, mmawa n'kumadandaula kuti akukuyang'anani ndi diso loipa?

Kuti mumvetse luso lawo, imani nane pambali pa kanjirako tione mlendo akubwera apoyo. Wakwera phiri atakhala phee m'kachipinda koyenda pa chingwe, osatuluka thukuta ndi dontho lomwe. Njinga yake ndi ya mtengo woposa wa galimoto yogwiritsidwapo kale ntchito. Ili ndi masipuling'i kutsogolo ndi kumbuyo, mabuleki ake ndi a mafuta. Iye wavala chisoti chophimba mpaka chibwano, zotchingira mawondo, zotchingira msana, ndiponso kamera pachipumi kuti abale kumudzi adzaone ukatswiri wake. Akulowa m'mitengo mmene dzuwa silifika. A Muzu agona mopingasa, kunenepa kwawo ngati mkono wa munthu, khungwa linasupuka kalekale, atsala see ngati mpini wa khasu lakale. Mlendo uja akuwaona mochedwa, mtima ukuti phaa, chala chikuthamangira buleki ya kutsogolo. Basi, mlandu watha. Tayala likuti tereee kulowera kumanzere, mwini wake akulowera kumanja, kenako thapsa! Njinga ili miyendo m'mwamba, tayala lakumbuyo likuzungulirabe lokha. Munthu uja akudzuka, akulavula dothi, akuyang'ana kaye uku ndi uku ngati alipo wamuona, kenako akupapasa njinga asanadzipapase yekha. A Muzu sanasunthe. Sanakweze mawu. Ndani wina amene angagwetse munthu wamkulu iye ali chigonere?

Chachiwiri ndi chilungamo. Padziko pano pakhomo ponse pali khomo lina lakumbuyo lolowera odziwika, koma kwa a Muzu kulibe. Safunsa kuti njinga unagula zingati, kapena kuti malaya ako ali ndi mizeremizere ya utawaleza imene amavala akatswiri a dziko lonse. Sangalandire kangachepe. Mwana wa bwana ndi mwana wa mlimi amagwa kagwedwe kamodzi, ndipo dothi limene amalavula ndi limodzimodzi. Amene waima pambali n'kumaseka mnzake amaiwala kuti naye adutsa pomwepo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

A Muzu alinso ndi banja logwirizana, losasiyana ndi mbumba yokhala pakhomo limodzi. Pali a Mwala achimwene awo, a Matope alamu awo, ndi a Fumbi msuweni wawo. Wina akalephera, mnzake amamalizitsa. Mu 2008, pa mpikisano wa akatswiri a dziko lonse umene unachitikira ku Val di Sole, Sam Hill wa ku Australia anadutsa nkhalango yonse ngati mphepo, ali patsogolo pa anzake onse ndi masekondi angapo. Mizu anaidumpha, miyala anaizemba. Atatsala pang'ono kufika pothera, pokhota pa poyera, anthu akukuwa, njinga inamuterereka, iye gwa. Anadzuka n'kumaliza ali wachitatu. Golide anatenga Gee Atherton wa ku Britain, ndipo mlongo wake Rachel Atherton anapambananso kumbali ya amayi. Ena amati Hill anachita tsoka. Ine ndimati a Muzu anangomutumiza kwa msuweni wawo.

Koma ulemerero weniweni wa a Muzu umaoneka mvula ikagwa. Mtengo wosupuka khungwa ukanyowa umaterera ngati therere, ndipo mano a tayala sapeza poluma. Anzawo a ku Champéry, m'dziko la Switzerland, kunsi kwa mapiri a Dents du Midi, anasonyeza zimenezi mu 2011. Kanjira ka kumeneko n'kotsetsereka moti ngakhale oonerera amavutika kuima. Tsiku la mpikisano kunagwa chimvula, akatswiri n'kumagwa motsatizana ngati mango akupsa. Mnyamata wina wa ku England, Danny Hart, wa zaka 19, anatsika ngati palibe chachitika, n'kupambana ndi masekondi oposa 11, pa masewera amene nthawi zambiri opambana amasiyana ndi kachigawo ka sekondi. Mpaka lero anthu amaoneranabe kanema wa tsiku limenelo. Tsopano ndifunse: pakanakhala msewu wa phula wosalala, ndani akanamukumbukira? Amene anamupatsa dzina mnyamatayo ndi a Muzu ndi alamu awo a Matope, ndipo sanalandireko ngakhale zikomo.

Pa uphunzitsi ndiye musanene. Sukulu yawo ilibe bolodi kapena choko, koma phunziro lake limalowa tsiku lomwelo. Malamulo ndi ochepa. A Muzu umawadutsa molunjika, osati mozemberazembera cham'mbali. Buleki umagwira usanawafike, ukakhala pamsana pawo chala chichoke. Thupi umalipepukitsa, mpweya wa m'matayala umauchepetsa pang'ono kuti mphira ugwire bwino, ndipo maso umaponya kumene ukupita, chifukwa ukawayang'anitsitsa iwo amakuitana. Ophunzira ouma mutu amalembedwa ndi cholembera chofiira pa chigongono. Odekha amalandira mphotho. Greg Minnaar wa ku Pietermaritzburg, ku South Africa, anakhala katswiri wa dziko lonse koyamba mu 2003. Mu 2021 anabwera pa Black Snake ali ndi zaka 39, msinkhu umene anzake ambiri anali atapachika kale njinga, n'kupambananso kachinayi, kusiya anyamata amene akanatha kukhala ana ake. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tisaiwale kuti a Muzu amalemba anthu ntchito. Midzi ya m'zigwa zimenezi imadya za alendo obwera kudzasewera pa chipale chofewa m'nyengo yozizira. Chipale chikasungunuka, zingwe zokwezera anthu kuphiri zikanangokhala. Lero zimakweza njinga. Amakanika amawongola malimu opindika ndi kusintha masipoko oduka. Ogulitsa zisoti amagulitsa. Madokotala amalumikiza mafupa a paphewa. Ngakhale woyendetsa helikoputa yonyamula ovulala amapezerapo pogwira. Kwathu kuno njinga ikakugwetsa ndi thumba la makala, umatukwana msewu ndi amene anaulambula. Kumeneko munthu amalipira tikiti, n'kuima pamzere, kuti akwere phiri akagwetsedwe, ndipo madzulo amakhala pa mowa n'kumaonetsa anzake bala monyadira. Ndi wamalonda uti wina amene amapweteka kasitomala, kasitomalayo n'kubweranso mawa ndi mnzake?

Alipo ena amtima wachabe amene amati a Muzu adulidwe, kapena akwiriridwe ndi dothi kuti njira isalale. Anthu otere akapeze tinjira ta chizindikiro chobiriwira kapena chabuluu, timene anakonzera ongoyamba kumene. Njira ya chizindikiro chakuda ili ndi eni ake. Komanso mukadula muzu mtengo umafooka, dothi limakokoloka, ndipo phiri limene mumadyerapo limayamba kutsika lokha kukupezani m'mudzi.

Choncho inu amene mudzapite ku Val di Sole ndi njinga yanu yonyezimira, mukafika m'nkhalango muja mukapereke moni. Ulemu wa a Muzu ndi kuchotsa chala pa buleki. Mukaiwala, musadandaule, iwo eni adzakugwaditsani.