Zokambakamba za pa Nchalo: Ntchito ya ku Shuga

Pa Nchalo nkhani iliyonse imakathera ku kampani. Muyambe ya mpira, ya mvula, kapena ya ukwati wa mwana wa uje, posachedwa wina afunsa kuti, "Nanga mkamwiniyo amagwira kuti?" Mukati ku shuga, funso lachiwiri limakhala lili kale pakamwa: "Wa sizoni kapena wolembedwa?" Yankho lake ndi limene limauza azimayi ngati ayimbe nthungululu mokweza kapena mwapakatikati.

Nzosadabwitsa. Fakitale ya pano inayamba kugaya nzimbe mu 1966, nthawi ya Sucoma pansi pa Lonrho, ndipo tauniyi inakulira m'mbali mwa minda yothiriridwa ndi madzi a mu Shire. Illovo inagula malowa mu 1997, pamodzi ndi a ku Dwangwa ku Nkhotakota, ndipo kuyambira 2016 gulu lonse la Illovo lili m'manja mwa Associated British Foods ya ku Britain. Madala ambiri mpaka lero amangoti "ndinagwira ku Sucoma," ndipo akayamba kufotokoza, konzekani kukhala pansi.

Madalawa amakumana pa bawo pansi pa mtengo, ndipo mfundo yawo ndi imodzi: anyamata a masiku ano sadziwa ntchito. Wina anali kalaliki, wina kapitawo, wina ankayendetsa thirakitala. Amati kale munthu ankalowa kampani ali mnyamata nkutuluka ali ndi imvi, ana onse atabadwira m'nyumba ya kampani ndi kuphunzira sukulu ya pa esiteti. Anyamata oonerera bawo amawayankha kuti, "Madala, nthawi yanu munthu ukaona galimoto ya bwana unkavula chipewa ili kutali. Ifeyo tikufuna bwana woti tikamupatsa moni ayankhe." Apa mkangano umakula, bawo imaima, ndipo amene anali pafupi kugonja amapezerapo mwayi wosokoneza nkhomo.

Anyamatawo ndikugwirizana nawo. Mukamvetsera bwino macheza a pano, ndalama imatchulidwa koyamba, koma chimene anthu amachikamba nthawi yaitali ndi mmene akuwayankhulira ku ntchito. Kapitawo amene amaitana munthu kuti "achimwene" kapena "bambo Phiri" amatchuka tauni yonse, ndipo anthu amapempha kuti awaike m'gulu lake ngakhale munda wake uli kutali. Amene amangoti "iwe" kwa bambo wa ana asanu, mbiri yake imafika pa msika iye asanaweruke. Bwana amene anabwera pa maliro a mwana wa wantchito wake, nakhala pansi ndi azibambo anzake mpaka m'mawa, amakumbukiridwa zaka zambiri atasamutsidwa. Makampani akuluakulu amakonda kugawa mafomu ofunsa ngati antchito ali okhutira. Mafomuwo ndi abwino, koma yankho lenileni limaperekedwa madzulo pa chiwaya cha tchipisi, pomwe palibe woopa kuti dzina lake lilembedwa.

Odula nzimbe ali ndi nkhani zawozawo, ndipo amazinena monyadira. Nyengo yodula imayamba mvula ikatha, cha mu Epulo, nkufika chakumapeto kwa chaka. Munda umayamba waotchedwa kuti masamba apse, kenako anthu amalowamo ndi zikwanje kusanache, chifukwa dzuwa la kuchigwa kuno likakwera silikambirana ndi munthu. Amatuluka ali bii ndi mwaye, mano okha akuwala. Mnyamata wa mu ofesi akadandaula kuti watopa, odula amaseka mpaka kugwirana mapewa. "Watopa ndi chiyani amwene, mpando?" Koma wa mu ofesiyo nayenso ali ndi pomwe pamamupweteka: amati wodula akamaliza gawo lake amapita kwawo mtima uli mbee, pomwe iye foni ya bwana imamutsatira mpaka pa mphasa. A mu fakitale, amene amasinthana mashifiti usana ndi usiku makina akamagaya, amamvetsera mbali zonse ziwiri akuyasamula.

Kuseka kumachepa nkhani ikafika pa sizoni. Wolembedwa amadziwa kuti Januwale adzalandira. Wa sizoni amawerenga miyezi, ndipo fakitale ikatseka kuti akonze makina, amabwerera ku khasu, ku ganyu, kapena pa njinga ya kabaza, akudikira kuti chaka chamawa dzina lake lidzatulukanso. Anthu awiriwa amakwera lole imodzi, amapemphera tchalitchi chimodzi, koma tulo tawo ntosiyana. Nchifukwa chake mnyamata akalembedwa ntchito yokhazikika, mayi ake amapha nkhuku, ndipo atsikana amene ankamudutsa osamuona amayamba kumufunsa za thanzi la agogo ake.

Amayi a magolosale amati safunika kuuzidwa kuti kampani yalipira. Kabuku ka ngongole kamayamba kufufutidwa, a kabaza amapalasa akuimba, nyama ya mbuzi imatha dzuwa lisanapendeke. Pofika pakati pa mwezi kabuku kaja kadzadzanso, ndipo a katapila amayamba kuyenda pang'onopang'ono pafupi ndi geti ngati akungodutsa. Azimayi a banki m'khonde amati iwo ndiwo apulumutsa mabanja ambiri ku katapila, ndipo ndi zoona. Chimene onse amagwirizana nchakuti kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pambuyo pa kugwa kwina kwa 25 peresenti mu Meyi 2022, malipiro a aliyense anafupika, wa ovolosi ndi wa tayi yemwe. Kuyambira pamenepo, a bungwe la ogwira ntchito akamapita kukakambirana za malipiro, tauni yonse imadikira, kuphatikizapo ogulitsa tomato amene sanalowepo pa geti la kampani.

Pamacheza aliwonse pamakhala katswiri wa malamulo amene sanapite ku sukulu ya malamulo. Wa pa Nchalo amakhala pa benchi ya okonza njinga, ndipo zambiri zimene amanena nzolondola. Amakuuzani kuti lamulo la ntchito la 2000 limati sabata ya ntchito isapitirire maola 48, ndipo wogwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata ali ndi masiku 18 a tchuthi pa chaka. Amakuuzani kuti pa penshoni bwana amaika 10 peresenti, wantchito 5. Akafika pa kusintha kwa 2021, kumene kunapatsa abambo masabata awiri a tchuthi mkazi akabereka, benchi yonse imadzuka. Madala amafunsa kuti mwamuna akatani pakhomo masabata awiri, kodi ayamwitsa? Mayi wina wogulitsa mandasi anawayankha kuti akatunge madzi, achape matewera, aphike phala, ndipo akamaliza abwere adzafunsenso. Madala anangoti kukamwa yasa, ndipo mandasi anagulidwa onse.

Za nyumba ndiye zosatha. Amene ali m'nyumba ya kampani amasiriridwa chifukwa cha madzi, magetsi ndi chipatala chapafupi. Koma akazi awo amanong'onezana kuti nyumba ya kampani ndi chovala chobwereka, tsiku lopuma ntchito umavula. Ochenjera amayamba kuumba njerwa kumudzi akadali pa ntchito, ndipo mkazi amene anakakamiza mwamuna wake kugula malata m'malo mwa wailesi yaikulu amayenda mutu uli m'mwamba.

Pali nthawi zina pomwe kusiyana konseku kumaiwalika. Namondwe Ana atasefukiza chigwa mu Januwale 2022, ndi Freddy mu Malichi 2023, madzi sanafunse giredi ya munthu. Minda ya nzimbe inamira pamodzi ndi minda ya mapira ya anthu wamba, ndipo nkhani zimene zimakambidwa mpaka lero ndi za amene ananyamula ana a mnzake, amene anatsegula khomo lake, amene anagawa ufa. Mabwana amene anavala magambutsi nkulowa m'matope amatchulidwa mayina awo mwaulemu.

Kwina kumene magiredi amasungunuka ndi ku Kalulu Stadium, Nchalo United ikamasewera. Kumeneko wodula nzimbe amalangiza injiniya za mpira mokweza mawu, injiniyayo nkumavomera. Sabata ino mkangano ndi wakuti ndani amadya bwino pakati pa a pa Nchalo ndi a ku Dwangwa. Amene anagwirako ku Dwangwa akuti kumeneko kuli kamphepo ka kunyanja ndi chambo. A pano akuti munthu amene sanadye mbuzi ya kuchigwa asalowerere nkhani za akuluakulu. Dalaivala wina wa lole walonjeza kubweretsa nsomba Loweruka kuti mlanduwu uweruzidwe, ndipo ofuna kukhala oweruza achuluka kale kuposa nsombazo.