Jekete Loyera Lomwe Papa Sanavale

Linali Loweruka usiku, kumapeto kwa Marichi 2023, magetsi atangoyaka kumene. Ndinagula bandulo ya tsiku limodzi, ndipo chimene chinandichingamira pa Facebook chinali chithunzi cha Papa Francis atavala chijekete choyera mbee, chofufuma, chachitali, mtanda ukulendewera pachifuwa. Sindinachiyang'ane nthawi yokwanira ngakhale kumeza malovu.

Kumbukirani nyengo yake. Panali patangotha masabata awiri namondwe wa Freddy atakokolola matope ndi miyala m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. M'chigawo chakummwera anthu oposa 500,000 analibe pokhala, ambiri akugona m'makalasi. Kumphakati kwathu tinkasonkha ufa, sopo, zovala ndi mabulangete, ndipo mlembi wosunga kope la zopereka ndinali ine. Mtima unali wowawa kale. Ndinatumiza chithunzicho pagulu lathu la WhatsApp n'kulemba pansi pake kuti: "Onani mbusa akufunda bwino, nkhosa zikugona pasimenti." Kenako ndinagona.

Kutacha ndinapeza gulu lili yakaliyakali. Ena ankaseka, ena ankadzudzula. Bambo wina, yemwe analonjeza mabulangete anayi, analemba kuti a ku Roma ndiwo apereke, iye wasamba m'manja. Banja linanso linagwirizana naye.

Titatuluka Misa, mayi wina wachikulire, wamasiye wogulitsa zitumbuwa, anandikokera pambali. Iwowa anali atapereka zitenje ziwiri pa zinayi zimene anali nazo. Foni yawo ndi ya mabatani, chithunzicho anawaonetsa ndi mdzukulu wawo.

"Mwanangu, inu ndinu ophunzira, makalata a kutchalitchi mumatiwerengera ndinu. Kodi zimenezi n'zoona?"

"Amayi, chithunzi sichinama," ndinayankha.

Pa zonse zimene ndinachita sabata imeneyo, mawu amenewa ndiwo amandisowetsa tulo. Anandipatsa mpata woti ndinene kuti sindinafufuze, koma ndinateteza dzina langa. Anangogwedeza mutu n'kumapita, korona ili m'manja.

Madzulo ake kunabwera mwana wa mlongo wanga, wophunzira za kompyuta. Atangoona foni yanga anati, "Malume, tachikulitsani." Anandilozera dzanja la Papa: zala zinali zophatikana, zosagwira bwino chimene ankaoneka kuti anyamula. Unyolo wa mtanda unkaoneka mbali imodzi yokha ya khosi. Mkombero wa magalasi unkasungunukira pankhope. Anandifotokozera kuti chithunzicho sichinatuluke m'kamera. Mwamuna wina wa ku Chicago anachipanga ndi pulogalamu ya AI yotchedwa Midjourney, yomwe munthu amangoilembera mawu a chimene akufuna kuona, iyo n'kujambula potengera zithunzi zankhaninkhani zimene inaphunzitsidwa nazo. Anachiika pa Reddit, chinadumphira pa Twitter, ndipo pofika kwa ine chinali chitapusitsa kale anthu ambirimbiri padziko lonse. Kuchuluka kwa opusitsidwa sikunandipepuze, chifukwa ambiri a iwo anangoti Papa watchena. Ine ndinachisandutsa mlandu.

Chinandilasa kwambiri n'chimene ndinapeza nditayamba kufufuza, ntchito imene ndinayenera kuichita dzulo lake. Pa 15 Marichi, pamsonkhano wake wa Lachitatu ku Vatican, Papa anali atatchula Malawi, kupempherera omwalira, ovulala ndi osowa pokhala. Nkhani imeneyo sindinaitumize kwa aliyense. Ndinali nditaiwalanso kuti uyu ndi munthu amene anakana kukhala m'nyumba yachifumu ya apapa n'kusankha nyumba ya alendo ya Santa Marta.

Ndinalemba uthenga wopepesa usiku womwewo. Anayankha anthu atatu okha. Chithunzicho ndinachifufuta, koma chinali chitafika kale m'magulu ena a parishi, mawu anga ali pansi pake. Mlamu wanga wa ku Mzuzu ananditumizira patatha masiku awiri, osadziwa kuti analemba ndine.

Kwa mayi aja ndinapita ndekha, ndi miyendo. Ndinawapeza akusinja nthochi. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Ndamva, mwanangu. Koma madzi akatayika saoleka. Ine Lamulungu lija sindinathe kumupempherera Papa." Sanandikalipire. Anandipatsa zitumbuwa ziwiri kuti ndikapatse ana.

Mu Januwale 2024, m'uthenga wake wa tsiku la zofalitsa nkhani, Papa Francis anachenjeza za zithunzi zabodza zoterezi, n'kunena kuti nayenso zinamuchitikira. Anamwalira pa 21 Epulo 2025. Bambo wa mabulangete uja ndinamufotokozera kawiri, maso ndi maso, koma mpaka lero amati utsi sufuka popanda moto. Kope la zopereka ndikadali nalo. Patsamba la sabata imeneyo pali mayina awiri amene kutsogolo kwake sikunalembedwe kanthu.