Kaundula wa pakhomo, Mitundu, mwezi wa Meyi: ntchito yokweza alendo mapiri

Mwana wathu wachisamba amaperekeza alendo kumapiri ndi kuwajambula. Meyi ndiye mwezi wake: mvula yatha, utsi wa moto wolusa sunayambe, maso amafika patali.

ZOTULUKA

Nsapato za kaunjika, kumsika wa Mitundu: K18,000. Thanthwe la Bunda limadya zidendene.

Kusoketsa nsapato zomwezo: K1,500.

Memori khadi: K9,000.

Kutchajitsa foni ndi kamera: K3,000.

Bandulo yotumizira alendo zithunzi pa WhatsApp: K5,000.

Kabaza wa ku phiri la Bunda, kupita ndi kubwera: K4,000. Amanyamuka ndi alendo kusanache kuti dzuwa liwatulukire ali pamwamba, koleji ya ulimi ili pansi pawo, Dzalanyama akuoneka chakumadzulo. Anthu amene amakapemphera kumeneko sawajambula asanapemphe.

Minibasi ya ku Nkhoma, kudzera pa Nathenje, kukhotera pa Kamphata, ndi kubwerera: K16,000.

Mnyamata wa konko wodziwa njira: K5,000. Phiri la eni sukwera osalonjera. Iyeyo ndiye anafotokozera alendo za mishoni ya m'munsi mwa phirilo, imene inakhazikitsidwa mu 1896.

Kamba wa panjira, mbatata yootcha, chigumu ndi madzi: K3,500.

Thumba lotoleramo mabotolo ndi majumbo otayidwa m'njira: K500.

Kutsukitsa zithunzi za akwaya: K6,000.

Aganyu okumba mtedza m'malo mwa mwanayu: K8,000.

Zonse pamodzi: K79,500.

ZOLOWA

Ophunzira a ku Bunda, anachita kusonkherana: K25,000.

Banja la mu mzinda wa Lilongwe, ulendo wa ku Nkhoma: K60,000.

Akwaya: K10,000.

Ana a mlongo wanga: ulere. Anabadwira m'tsinde mwa phiri la Bunda, ayenera kuona mudzi wawo ali pamwamba.

Zonse pamodzi: K95,000.

ZOTSALA

K15,500. Kubanki m'khonde, ngongole ya kamera: K12,000. Sopo ndi mchere: K3,500.

ZIMENE TAGWIRIZANA NDI BAMBO AKE

Ntchitoyi ipitirire, pakuti mwanayu mapiriwa amawadziwa ndipo alendo amabwera nawo bwino. Kuyambira Juni, mlendo wofuna Nkhoma azilipira yekha thiransipoti ya womuperekeza. Mtengo azinena asananyamuke, wa kukwera pawokha, wa zithunzi pawokha. Pa ulendo uliwonse tiziika padera K2,000 ya nsapato. Sabata yokolola chimanga asalandire mlendo.