Mlembi wanu wakanidwanso, koma ali pagulu la akuluakulu

Buku la Tsitsi Dangarembga, Nervous Conditions, adalikana makampani anayi kwawo ku Zimbabwe, mpaka Women's Press ya ku London idalisindikiza mu 1988. Chaka chotsatira lidapata mphoto ya Commonwealth m'chigawo cha Africa. Harry Potter wa J.K. Rowling adamutsekera zitseko makampani 12 Bloomsbury isadamusindikize mu 1997. Mbiri zoterezi mlembi wa danga lino adaziloweza kuposa nambala ya foni ya mayi a kunyumba, chifukwa ndiwo mankhwala ake akonzi akamubwezera nkhani.

Bamboyu akakanidwa salira. Amavala jekete, n'kupita pabawo kukalengeza kuti iye ndi Rowling tsopano ndi amodzi. Anzake amavomera, kenako amamukumbutsa za ngongole ya tchipisi.

Adamva kuti Stephen King ali mnyamata ankabaya makalata omukana pamsomali wa kukhoma, mpaka msomaliwo udalephera kunyamula. Naye adakhoma wake, wa mainchesi sikisi. Tsoka ilo, akonzi a masiku ano salemba kalata yokana. Pa WhatsApp timizere tiwiri timangosanduka tabuluu, basi zii. Pamsomali paja pano pakulendewera lichero.

King yemweyo adataya m'bini masamba oyamba a Carrie, mkazi wake Tabitha n'kuwatola, ndipo bukulo lidatuluka mu 1974. Mayi a kunyumba kwa mlembi wanu nawonso amatola mapepala otayidwa mosanyinyirika, koma amakulungira mandasi. Ndakatulo zake zafika m'manja mwa anthu ambiri m'tauni muno, ngakhale mizere ina imafufutika ndi mafuta.

Chinua Achebe adatumiza Things Fall Apart yolemba pamanja ku kampani yotayipa ku London, ndalama n'kulipiriratu, koma padapita miyezi osamva kanthu. Bwana wake ku wayilesi ya Nigeria, Angela Beattie, ndiye adakawadzudzula pamaso atapita ku London. Heinemann idasindikiza mabuku 2,000 mu 1958. Bwana wa mlembi wanu nayenso amatsatira kwambiri zolemba za wantchito wake: mwezi uliwonse amafunsa yemwe wamaliza mapepala a mu ofesi.

Kulandiridwa nako kuli ndi minga yake. Nyuzipepala ina itatulutsa nthano ya mlembi wanu, dzina adaliphonya chilembo chimodzi, koma achibale kumudzi adamuzindikirabe. Amalume adaimba foni: "Mphwanga, tamva kuti walemera. Matumba awiri a fetereza okha, zinazo tikambirana." Malipiro atafika, adangokwanira minibasi yokawatenga, ulendo wobwerera adayenda wapansi.

Ali m'njira adadzitonthoza ndi nkhani ya Jack Mapanje, yemwe Heinemann idamusindikizira Of Chameleons and Gods mu 1981. Bukulo boma lidalichotsa m'masitolo ndi m'masukulu, ndipo mwini wake adatsekeredwa ku Mikuyu kuchokera mu 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Ndakatulo za mlembi wanu sizidasowetsepo tulo ngakhale nyakwawa, choncho amagona pakhomo pake mwamtendere.

Panopa wayamba buku lalitali la chikondi, ndipo mayi a kunyumba akumulimbikitsa kwambiri. Apempha kuti lisachepere masamba 400, alembe mbali imodzi yokha ya pepala, chifukwa sabata yamawa ayambanso kukazinga zitumbuwa.