Kuona Maso a Nkhono N'kudekha, Ngakhale Utagula DSLR

Makolo athu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ananena zimenezi alibe kamera, alibe batire, alibe ngakhale tochi. Ankangonjuta pansi nthawi ya dzinja n'kudikira mpaka nkhono itatambasula tinyanga take tiwiri tam'mwamba, poti timaso take tili pansonga penipeni pa tinyangato. Ukaikhudza pang'ono, imabweza zonse m'kati, kudikira n'kuyambiranso. Ife zidzukulu zawo kudikira sitikufuna. Tikufuna chida choti chizidekha m'malo mwathu, ndipo tamva kuti dzina lake ndi DSLR.

Matendawa amayambira pa ukwati. Munthu wakhala zaka ndi kakamera kake kokwana m'thumba la malaya, kaja kotulutsa lenzi kokha ukakayatsa. Kamujambulira zinkhoswe, maubatizo, ndi ana atavala yunifolomu tsiku loyamba sukulu. Ndiye pa perekaniperekani wina akuona mnyamata atakoloweka chikamera chakuda cha DSLR pakhosi. Anthu akumupatukira, azimayi akukonza maduku, ngakhale a tcheyamani a ukwati akumutchula kuti bwana. Kuyambira tsiku limenelo, kakamera kakang'ono kaja kalakwa. Chithunzi chikada, ndi ikoko. Mkwatibwi akaphethira, ndi ikoko.

Tisakanamizire kwambiri, komanso tisakaikire kumbuyo, poti kusiyana kulipo ndithu. M'kati mwa kamera iliyonse muli sensa, kachipangizo kolandira kuwala. Mu makamera ambiri am'thumba sensayo ndi ya mamilimita pafupifupi 6 m'litali ndi 4.5 m'lifupi. Mu DSLR ya oyamba kumene ndi ya mamilimita pafupifupi 23 ndi 15, kutanthauza kuti malo olandira kuwala ndi aakulu kuposa kakhumi. N'chifukwa chake m'tchalitchi mwa mdima DSLR imatulutsa nkhope yosalala pomwe kakamera kaja kamatulutsa munthu wa madonthomadontho. Mulinso kalilole amene amatumiza chithunzi ku kabowo kosuzumira, ndipo mukadina amanyamuka n'kumveka "kwatcha!" Kunena zoona, ambiri chomwe tikugula ndi phokoso limeneli.

Pamene kudekha kumathera ndi pa mamegapikiselo. Munthu amagona pa intaneti usiku wonse, mabando akutha, akuyerekeza 18 ndi 24 mokhala ngati moyo wake wapachikika pamenepo. Komatu Canon EOS 300D, imene mu 2003 inatsitsa mtengo wa DSLR kufika pansi pa madola 1,000, inali ndi mamegapikiselo 6 okha. Nikon D40 ya mu 2006 inalinso ndi 6, ndipo anthu ankatsukitsa zithunzi zazikulu ngati pepala la A4 n'kupachika pabalaza popanda wodandaula. Canon EOS 2000D ndi Nikon D3500, zonse za mu 2018, zili ndi 24. Zithunzi zanuzo mukazitumiza pa WhatsApp, amene adzazifinye mpaka agogo kumudzi sadzadziwa kuti yajambula ndi iti.

Funso loyenera kudekha nalo ndi lina: mukulowa banja liti? Kugula DSLR kuli ngati kukwatira kwa eni ake a chikamwini. Simutenga mkazi yekha, mumatenga mudzi wonse. Polumikizira lenzi pa Nikon, potchedwa F, panayamba mu 1959. Pa Canon, potchedwa EF, mu 1987. Ndipo lenzi ya Canon siilowa pa Nikon ngakhale mutaitana ankhoswe. Thupi la kamera mudzalisintha, koma malenzi mudzakalamba nawo. Choncho musanafunse intaneti, funsani kuti mlamu wanu kapena mnzanu wa kuntchito ali ndi mtundu uti, poti ameneyo ndiye adzakubwerekeni lenzi, tchaja ndi nzeru. Kenako igwireni kamerayo m'manja. Ngati zala zikusowa pokhala, palibe nambala ya pakatoni imene idzakonze zimenezo.

Tsiku lotsegula katoni lili ndi zake. Kamera zimenezi kawirikawiri zimabwera ndi lenzi ya 18-55mm. Munthu wathu, amene kakamera kake kankakoka nkhope ya m'busa kuchokera pa benchi yakumbuyo, akupotokola lenzi mpaka pamapeto, n'kupeza kuti m'busa akadali kutali. Werengani nokha: 55 kugawa ndi 18 ndi katatu basi. Akati ayese duwa, ayi ndithu, lenzi ikungolira uku ndi uku osagwira, poti siiona bwino chinthu choyandikira kuposa masentimita pafupifupi 25. Kakamera kotukwanidwa kaja, ukadina pa chizindikiro cha duwa, kankafika pamphuno penipeni pa chinthu. Ndiye kuti pa mpikisano weniweni wa maso a nkhono, kakale kaja kakhoza kupambana, katsopano kakupempha lenzi ina yodula.

Kenako pali kagudumu ka pamwamba, kolembedwa P, M, A ndi zilembo zina. Munthu amakayang'ana kamodzi, n'kukabweza pa Auto wobiriwira, ndipo kamakhala pomwepo mpaka kamerayo itagulitsidwa. Pamenepo wagula kakamera kam'thumba kolemera kupitirira theka la kilo, kosakwananso m'thumba. Chonsecho zofunika kuphunzira ndi zitatu zokha: kukula kwa bowo lolowetsa kuwala, nthawi imene shutter (kachitseko ka kutsogolo kwa sensa) imakhala yotsegula, ndi ISO (mmene sensa imamvera kuwala). Bowo likakula, kumbuyo kwa munthu kumasungunuka. Shutter ikachedwa, mwana wothamanga amasanduka mzukwa. ISO ikakwera, madontho aja amabwerera. Zimenezi sizilowa m'mutu powerenga. Zimalowa pojambula kapu imodzi ya tiyi kakhumi mukusintha chimodzichimodzi, a m'nyumba akukuyang'anani ngati mwayamba kudwala.

Nkhani yabwino ndi yoti osadekha ndiwo amadyetsa odekha. Kuyambira mu 2018 Canon ndi Nikon anaika mtima pa makamera opanda kalilole, ndipo anthu ambiri athamangira kumeneko, n'kusiya ma DSLR abwinobwino pa msika wa zakale. Onjezerani aja amene anagula, najambula mphaka sabata imodzi, n'kusunga kamera m'kabati. Koma pogula yakale, kaya kwa munthu wa m'tauni kaya kudzera kwa m'bale wa ku Johannesburg, dekhani zenizeni. Funsani kuti shutter yalira kangati, poti za makamera otsika mtengo zinapangidwa kuti zilire pafupifupi ka 100,000. Chotsani lenzi, muiloze kuwala, musuzumire: mukaona tiulusi toyera tonga ukonde wa kangaude m'kati mwa galasi, imeneyo ndi nkhungu ya chinyezi, bwezani mwaulemu. Ndipo ngati ndi Nikon ya m'gulu la D3000 kapena D5000, dziwani kuti ilibe mota yoyendetsa lenzi m'thupi mwake. Lenzi zakale zija wogulitsa akukupatsani "ngati basera" mudzazipotokola ndi dzanja moyo wonse. Funani zolembedwa AF-S.

Ndalama zotsala musathamangire nazo ku chilenzi chachitali ngati cha atolankhani a mpira. Gulani ya 50mm f/1.8, kapena 35mm ngati nyumba yanu ndi yopanikiza. Ndi yotchipa poyerekeza ndi zinzake, ndipo imalowetsa kuwala pafupifupi kakhumi kuposa ya m'katoni ija mukaikoka mpaka pa 55. Vuto lake n'limodzi, ndipo ndilo ubwino wake: siikoka. Mukafuna chinthu chiyandikire, mumayenda nokha. Mumagwada, mumazungulira, mumadikira dzuwa lipendeke, mumadikira gogo aiwale kuti mulipo asiye kuuma nkhope ngati ya pa chiphaso. Makolo aja akanakuonani, akanati mwayamba kumva.

Chenjezo lomaliza silinalembedwe m'kabuku ka malangizo. Tsiku limene mudzatuluke ndi lamba wa kamera pakhosi, mwasankhidwa popanda chisankho. Chinkhoswe chilichonse, chiliza chilichonse, msonkhano uliwonse wa mvano, uthenga ndi umodzi: "Achimwene, musaiwale chija." Malipiro ake ndi mbale ya mpunga yozizira, poti ena akudya inu munali pantchito. Mawa lake foni siipuma: "Zithunzi zija bwanji?" Azakhali adzadandaula kuti mwawakalambitsa, ndipo chithunzi chikakongola adzati, "Koma kamera imeneyi ndi yabwino!" Pakatha zaka zisanu banja lonse lidzakhala ndi zithunzi zokwana kudzaza khoma, kupatula munthu mmodzi. Mukadzafuna chanu, chokhacho chopezeka chidzakhala chimene mdzukulu anakujambulani ndi foni, chopendekeka, nkhope yonse itabisika kuseri kwa kamera.